Mutu 7: Nkhope Imene Nevse Sanaione

1. Chala chobwereka

Isuf, mkulu wake wa mkwati, analakwira mkwatibwi Nevse pa tsiku lachiwiri la ukwati wake, Lamulungu lina la mu Januwale, chaka chija chipale chofewa chinagwetsa mashedi a fodya kumtunda kwa mudzi. Koma Isuf sanagwire kanthu ndi dzanja lake. Anthu a mtundu wake sagwira. Anabwereka chala cha Feim, mlongo wake weniweni wa Nevse, mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Kuno kwathu ku mapiri a Rodopi ukwati umadikira chisanu, chifukwa nyengo yotentha amuna amakhala ali kunja, kusenza simenti ya eni ake. Amabwerako ndi galimoto zonyezimira ndi pakamwa posatseka. Amaiwala kuti anachoka muno zovala zili m'thumba la feteleza.

Tsiku lachiwiri la ukwati akazi amamutsekera mkwatibwi m'chipinda n'kumugoneka chagada. Amamupaka nkhope yonse mafuta oyera okhuthala, kenako n'kumatapo timikanda tonyezimira, kamodzikamodzi, mpaka patatuluka maluwa. Kuyambira pamene chala choyamba chamukhudza, mtsikanayo satsegula maso mpaka madzulo, mwamuna wake atamusambitsa kumaso ndi mkaka. M'midzi ina amamulola kusuzumira pa kalilole. Kwathu amati ndi malaulo.

Choncho mkazi wa kwathu amaiona nkhope yakeyo pa chithunzi pokha. Ndipo munthu sapakidwa kawiri.

2. Mkaka ndi tchizi

Wojambula wa mudzi wathu anali a Shukri, agogo awo a Feim ndi Nevse. Ndi iwo amene analera ana awiriwa mayi awo atamwalira, bambo awo atalowera kunja osacheukanso. Koma kutatsala pang'ono kuti ukwati uchitike, a Shukri anaterereka pa masitepe a mzikiti n'kuthyoka mwendo. Kamera inagwera m'manja mwa Feim, amene ankawanyamulira chikwama ndi kuphunzira ntchitoyo.

Lachisanu, Feim atabwerako kopemphera, agogowo anamuitanira pa bedi pawo.

"Khala pansi. Leka kuseweretsa lamba, kamera si mbuzi," anatero a Shukri. "Ndikuuza zimene ndinakuuza kale, chifukwa makutu ako amadontha.

"Kamera iyi ili ndi njira ziwiri zosungira chithunzi. Pali chachiwisi, pali chofinya. Chachiwisi ndi mkaka wongokama kumene. Ndi wolemera, umadzaza ndowa msanga, ndipo sungaupatse mlendo usanaukonze. Koma mu mkakamo muli zonse. Ukafuna batala alimo, ukafuna chambiko chilimo.

"Chofinya ndi tchizi. Kamera imakulunga chithunzi m'kansalu, n'kufinya, madzi n'kutayira pansi. Chotsalacho ndi chaching'ono, chopepuka, chokoma m'maso, ndipo chimatseguka pa kompyuta ya aliyense. Sindikuchinyoza ayi. Pa mpira wa kusukulu, finya. Pa msika wa nkhosa, finya. Koma unamuonapo munthu akubweza tchizi kuti akhalenso mkaka?"

"Sindinamuonepo, agogo."

"Ngakhale ine, ndipo ndakalamba. Tsono tamvera. Mdani wa kamera ndi choyera. Mlongo wako adzatuluka nkhope ili mbuu, pansi pali chipale, kumbuyo kuli khoma la laimu. Iwe ndiwe mwana, kuwala udzakuphonya ndithu. Ine ndemwe ndimakuphonya. Ukaphonya pa chachiwisi, zimene diso silikuona zimakhala zitabisala m'kati, ndipo ine ndimazikoka pa kompyuta ngati mwana wa nkhosa wobadwa mokhota. Ukaphonya pa chofinya, zinapita ndi madzi aja. Chachiwisi chimakhululuka. Chofinya sichikhululukira munthu.

"Timakhadi tosungira tili tiwiri basi. Choncho ujambule moumira. Aliyense adzakukoka malaya kuti umujambule, ngakhale amene sanakupatsepo moni chibadwire. Uziseka, uzigwedeza mutu, koma theka la kakhadi kachiwiri ndi la Nevse. Wina akakuuza kuti usinthe, umufunse kuti wajambulapo maukwati angati.

"Mayi ako anapakidwa makatani atatseka, nthawi ija boma linkaletsa mwambowu. Chithunzi panalibe. Anapita kumanda osaiona nkhope yawo. M'nyumba muno zimenezo zisachitike kawiri."

Pomwepo Nevse analowa ndi khofi. Anali atamva zonse ali pakhomo, koma anadzipangitsa kuseka.

"Agogo, mwampatsadi kamera wamakutu uyu? Adzajambula mapazi anga."

"Mapaziwo ndiye abwinoko," anatero Feim. "Achemwali, muthokoze kuti akupakani. Mphuno iyo ipumeko tsiku limodzi."

Nevse anamukwapula ndi kansalu kopukutira mbale. Kenako anamugwira khutu, koma mosakoka.

"Sabri wakhoma kale msomali wa chithunzi changa pamwamba pa bedi," anatero. Sabri ndiye anali mkwati. "Ine ndidzakhala wakhungu tsiku lonse, Feim. Maso anga ndiwe. Wamva?"

"Ndamva."

3. Galimoto yakuda

Loweruka linayamba bwino. Mabulangete, masokosi oluka ndi nsalu za mkwatibwi anaziyanika pa mitengo m'mbali mwa msewu kuti mudzi wonse uone. Oimba ng'oma ndi zitoliro anafika. Feim ankajambula moumira monga anamuuzira: chimodzi apa, chimodzi apo.

Kenako kunatulukira Isuf. Anali atabwera kuchokera ku Jeremani ndi galimoto yakuda yopukutidwa mwakuti munthu n'kumeterapo ndevu. Pamwamba pake anali atamatapo maluwa a pulasitiki. Mwini wake anavala jekete yachikopa, yakudanso.

"Mlamu! Mlamu wanga wojambula! Tabwera kuno!"

Feim anapita.

"Yamba kutsogolo. Tsopano m'mbali. Gwada, iwe, uitenge kuchokera pansi, izioneka ngati chilombo. Matayala awa usawadule. Tsopano ine nditatsamira. Dikira, ndivale magalasi."

"Alamu, agogo anati ndisamale malo. Ndi ochepa."

"Agogo ako ali kuti? Mwendo uli m'mwamba, akuwerenga mbewa za kudenga. Ng'oma izi waitana ndani? Nyama imene ikununkhirayi wagula ndani? Jambula, mwana iwe."

Anzake a Isuf nawo anabwera. Wina anafuna atagwira chiwongolero. Wina anafuna atakhala pamwamba. Dzuwa linatuluka pang'ono masana, galimoto n'kuwala ngati galasi, ndipo Isuf anati ayambirenso zonse.

Atatha, anasuzumira pa kagalasi ka kumbuyo kwa kamera n'kuimba mluzu.

"Amuna inu, taonani! Mwana uyu ali ndi diso. Mlamu, iwe ukuola muno m'mapiri. Ku Jeremani anthu ngati iwe amayenda pa ndege. Ndidzakutenga ndekha, uone."

Feim anali asanayamikiridwepo chotere. A Shukri chithunzi chikawakomera ankangoti, "Hmm," basi. Makutu a mnyamatayo anafiira, ndipo sikunali chifukwa cha chisanu.

Ana inu, munthu akamakuyamikirani pagulu, muzimuyang'ana m'manja.

Pofika madzulo kakhadi koyamba kanali katadzaza, ndipo kachiwiri kanali katadyedwa kale mbali yaikulu. A Shukri atafunsa mmene zayendera, Feim anati, "Bwinobwino, agogo," n'kupita kukagona.

4. Manja a azakhali Muhibe

Lamulungu kunacha ndi mitambo yolemera. Chipale chatsopano chinali chitagwa. Alendo anadya nyemba ndi nyama, anavina atagwirana manja, ndipo aliyense ankakoka malaya a Feim monga ananenera agogo ake. Ena anawakanira. Ambiri analephera kuwakanira.

Masana anakumana pa chipata ndi azakhali Muhibe, mayi wopaka akwatibwi. Mudzi wonse unkawatchula azakhali, ngakhale amene sanali abale awo. Anali atakumbatira kabokosi ka timikanda, ndodo ili kudzanja linalo.

"Ndiwe mdzukulu wa Shukri? Taima, ndikuone. Wakula ngati mtengo wa fodya wosadulira, kutalika kokha."

"Moni, azakhali."

"Taona manja awa." Anatambasula dzanja limodzi. Linkanjenjemera ngati tsamba. "Chaka chatha ndinagwetsera mkanda m'diso la mwana wa eni. Ndauza ana anga kuti ya lero ndi yomaliza. Ndinapaka mayi ako, ndipaka mlongo wako, kenako kabokosi aka ndikatseka.

"Ntchito yangayi ndi yopusa, mwana wanga. Woluka bulangete amafa bulangete n'kutsala. Womanga nyumba amafa nyumba n'kutsala. Ine ndimawerama mpaka msana kuuma, madzulo mwamuna n'kubwera ndi mbale ya mkaka, zonse n'kuthera m'ngalande. Chimene chimatsala ndi chimene wagwira iwe m'kabokosi kakoko. Tsono usathamange. Anthu adzakuwa, ng'oma zidzalira, koma iwe uyang'ane nkhope yokha. Enawo nkhope zawo adzakhala nazo mawa ndi mkuja. Ndidzabwera Lachisanu kudzaona."

Analowa m'nyumba, akazi n'kutseka chitseko. M'chipinda chopakiramo mwamuna salowa, ngakhale mlongo.

5. Batani

Feim anaima pabwalo n'kuyang'ana kanambala kosonyeza malo otsala. Zithunzi zimene zikanalowa zinali zoti munthu n'kuwerenga ndi zala zake. Zinali zochepa, koma za nkhope imodzi zinali zokwanira.

Isuf anamupeza ali chiyang'anire.

"Mlamu, tamvera dongosolo. Mkwatibwi akangotuluka, banja lililonse la kwathu liime naye, ujambule. Amalume, azakhali, ana awo, onse. Ndiye madzulo ano undipatse nditumize kwa anyamata amene atsala ku Jeremani. Akudikira."

"Malo atha, alamu. Atsala a achemwali okha."

"Atha bwanji?"

"Galimoto ija inadya ambiri. Mukalola, ndifufuteko zina. Zambiri n'zofanana."

Isuf anaseka, koma maso ake sanaseke.

"Ufufute galimoto yanga? Iwe, wadya chiyani lero? Bweretsa ndione." Anawerama, osaigwira kamerayo. "Aa! Ndiye chifukwa chake. Ukujambula zolemera zija za akuluakulu. Zimenezi pa kompyuta yanga sizitseguka n'komwe. Sintha, uike zopepuka. Malo achuluka pompano, uona."

"Agogo anati pa nkhope yoyera ndisafinye."

"Agogo anati, agogo anati! Udzakwatiranso ndi mawu a agogo? Ku Jeremani ndaona ojambula enieni, mlamu. Pha-pha-pha, madzulo zithunzi zili kale pa foni. Agogo ako akhala sabata ziwiri akukonza chimodzichimodzi, ngati nkhalamba yosankha nyemba. Diso ngati lakoli silifuna kukonzeredwa. Amakonza ndi amene amaphonya. Iwe umaphonya?"

Feim anakumbukira funso limene anamuuza kuti afunse, loti munthuyo wajambulapo maukwati angati. Linafika pa lilime. Koma anzake a Isuf anali atazungulira, akumwetulira.

"Msiyeni," anatero mmodzi. "Akuopa chikoti cha nkhalamba."

"Ndiye ku Jeremani akakwanitsa?" anatero wina. "Kumeneko kulibe agogo."

Akanatha kukana. Akanatha kunena kuti ajambula mlongo wake kaye, zotsala n'kupatsa enawo. Akanatha kuthamangira kunyumba, pafupi pomwepo, kukafunsa. Njira zinalipo.

Feim anavula golovesi. Anakanikiza batani, n'kutsitsa, n'kukanikizanso. Kanambala kaja kanadumpha kukhala mazanamazana.

"Waonatu!" anatero Isuf, akumumenya pa phewa. "Tsopano ndiwe mwamuna."

Ndipo kunena zoona, Feim anamva kupepuka, ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni.

6. Dzuwa

A Shukri sankalola kamera kudzisankhira yokha kuwala. Anaphunzitsa Feim kutsegula ndi kuchepetsa diso lake ndi dzanja. Popeza tsikulo kunali mdima wa mitambo, mnyamatayo anali atalitsegula kwambiri.

Ng'oma zinasintha kulira. Chitseko chinatseguka. Akazi awiri anatulutsa Nevse atamugwira m'mikono, akuyenda pang'onopang'ono ngati wanyamula madzi odzaza pamutu.

Khamu lonse linatembenukira kukhomo.

Azakhali Muhibe anali atadziposa. Pa tsaya lililonse panali duwa lofiira la masamba asanu, lozunguliridwa ndi timasamba tobiriwira. Pamphumi panadutsa mzere wagolide wopindika ngati mpesa. Pa zikope zotsekazo panali tinyenyezi tabuluu, ndipo pachibwano panali kaduwa kamodzi kakang'ono, kopendekeka pang'ono, pamene dzanja linanjenjemera. Nkhalamba zina zinayamba kulira. Zinati zaona mayi ake.

Nthawi yomweyo mitambo inang'ambika. Dzuwa linagwera pa chipale, pa khoma la laimu ndi pa nkhope ija. Anthu anaphimba maso ndi manja. Ena anati ndi dalitso.

"Jambula! Jambula!" anakuwa Isuf. "Amalume, imani apa! Mlamu, fulumira! Ena akudikira!"

Feim anajambula. Anayesa kusuzumira pa kagalasi ka kumbuyo, koma dzuwa linali litakaphimba, ndipo anangoona nkhope yake yomwe. Isuf anali atamukoka kale mkono. Banja lina linaima, lina n'kubwera. Chala chinkangogunda. Malo analipo ambiri, nanga n'kuimiranji? Za diso la kamera lija sanazikumbukire.

Dzuwa silinabisalenso. Linawaperekeza msewu wonse mpaka kwa mkwati. Kumeneko shehe anapemphera, akazi n'kulowetsa Nevse m'nyumba. Mbale ya mkaka inadutsa pakhomo, itaphimbidwa ndi kansalu.

Dzuwa likulowa, Isuf anatenga kakhadi n'kukalowetsa mu kompyuta yake m'galimoto muja. Anakhalamo kanthawi yekha. Anasankha zimene anafuna, natumiza. Potuluka anamubwezera Feim kakhadiko osamuyang'ana kumaso.

"Zatuluka bwanji, alamu?"

"Bwino kwambiri. Pita ukadye."

7. Lolemba

M'mawa mwake Feim anakokera tebulo la kompyuta pafupi ndi bedi la agogo ake. A Shukri anavala magalasi, nalowetsa kakhadi kachiwiri. Zithunzi za Lamulungu masana zinatseguka zonse nthawi imodzi, ngati nkhuku zotuluka m'khola.

A Shukri anayandikitsa nkhope pa kompyuta.

"Zatseguka msanga bwanji?" anafunsa motsitsa.

 

Feim asanayankhe, pakhomo panamveka kuseka. Anali Nevse ndi Sabri, atanyamula mbale ya makeke a uchi. Kumaso kwa Nevse kunali kofiirira chifukwa chopukutidwa.

"Agogo, mwadzuka bwanji? Iwe wamakutu, suntha. Mudzi wonse ukuti dzulo kunatuluka mkazi wokongola kuposa onse. Ndabwera kuti ndimuone ndekha, mwina akunama."

Anakhala m'mphepete mwa bedi. A Shukri anatsegula chithunzi choyamba.

Mpango wofiira unalipo. Malaya a maluwa analipo. Akazi awiri omugwira aja analipo. Koma pakati pa mpangowo panali choyera chokhachokha, chosalala ngati dzira losenda. Panalibe duwa, panalibe mphuno, panalibe pakamwa. Apa ndi apo panali timadontho totuwa, ngati ntchentche pa mbale.

"Pitani kwina," anatero Nevse.

Anapita kwina. Chimodzimodzi.

"Kwina."

Amalume a mkwati anatuluka bwino, ndi majasi awo akuda. Isuf anatuluka bwino koposa, jekete yake ikuoneka ulusi uliwonse. Pambali pake, pa chithunzi chilichonse, panaima munthu wopanda nkhope.

"Agogo, inu mumakonza," anatero Nevse. "Ndakuonani kangati mukukonza. Konzani."

A Shukri anagwira kambewa ka kompyuta n'kuyamba kuchepetsa kuwala. Choyera chija chinasanduka chotuwa ngati phulusa. Anachepetsanso. Phulusa linada. Koma m'kati mwake simunatuluke kanthu.

"Yesaninso."

"Mwana wanga, mulibe."

"Mwina ndi kompyuta," anatero Feim. "Mwina yawonongeka, agogo."

A Shukri anamuyang'ana. Kenako anatsegula chithunzi cha Loweruka, chimodzi mwa zachiwisi zija. Inali galimoto ya Isuf, nthawi ija dzuwa linatuluka masana. Pamwamba pake ponse panali patapsa ndi kuwala, poyera mbee, chimodzimodzi ndi nkhope ya Nevse.

Anachepetsa kuwala pang'onopang'ono. Choyera chinayamba kubwerera m'mbuyo. Panatuluka riboni. Panatuluka maluwa a pulasitiki aja, tsamba ndi tsamba, ofiira ndi achikasu. Panatuluka ngakhale phiri la kuseri kwa mudzi, likuoneka pa chitsulo chopukutidwacho.

"Kompyuta ili bwino," anatero a Shukri.

Sabri anaika mbale ya makeke pansi. Anati apita kukafunsa amene anajambula ndi mafoni. Anapitadi tsiku lomwelo, khomo ndi khomo. Mafoni a masiku amenewo anali osalimba maso, ndipo eni ake anaima patali. Onse anagwira kadontho koyera komweko.

Nevse sanalire. Anatembenukira kwa mlongo wake.

"Feim, iwe unaiona?"

"Ndinaiona, achemwali."

"Inali bwanji?"

Feim anatsegula pakamwa. Anali ataiona ndithu, ndipo inali ikadali m'maso mwake. Koma mawu anamuthawa.

"Inali yoyera," anatero. "Inali ndi maluwa."

Nevse anadikira, koma panalibe china. Anamanga mpango wake bwinobwino, napsompsona dzanja la agogo ake, n'kutuluka. Khutu lija sanaligwire.

Chitseko chitatsekeka, a Shukri anavula magalasi.

"Sindikukalipira," anatero. "Kukalipa n'kwa zinthu zokonzeka. Ukathyola mpanda ndikukalipira, chifukwa mawa umanganso. Izi ayi. Ndifuna udziwe chimodzi chokha. Amene anakuuza kuti usinthe sanakunamize pa zonse. Zofinya n'zopepukadi, n'zofulumiradi, ndipo anzake aziona kale. Iye wapeza chimene ankafuna. Munthu wotere sakuuza bodza loonekera. Amakuuza zoona zimene zikumukomera iye, zotsalazo n'kukusiyira kuti ukazipeze wekha m'mawa. Udzakumana nawo ambiri. Ena adzakhala abale ako."

8. Msomali

Lachiwiri Feim anamupeza Isuf m'nyumba ya khofi, atazunguliridwa ndi amuna. Anali akuwauza kuti kamera ya a Shukri inatha kalekale, ndi kuti banja lanzeru likanaitana wojambula wa m'tauni.

"Alamu," anatero Feim, "kamera ilibe vuto. Munandiuza ndinu kuti ndisinthe."

Isuf anaika kapu pansi mofatsa.

"Ine? Amuna inu, munandiona nditagwira kamera ya mwana uyu?"

Anzake aja anapukusa mitu.

"Chala chimene chinakanikiza n'cha ndani? Changa? Tandionetsa dzanja lako. Ndi ichi, si ichi? Ine ndine womanga nyumba, mlamu, za makamera ndizidziwira kuti? Wojambula ndiwe. Munthu wodziwa ntchito yake samvera za m'khamu."

"Munaziona madzulo omwe aja. Munati zatuluka bwino."

"Zanga zinatuluka bwino. Ndinanama?"

Amuna ena anaseka. Ena anayang'ana m'makapu mwawo. Panalibe amene ananena kanthu, chifukwa theka la iwo linkayembekezera kuti Isuf awapezere ntchito chilimwe chotsatira.

"Za ku Jeremani uiwale kaye," anawonjezera Isuf. "Kumeneko owononga ntchito sawasunga. Ndiye uwauze agogo ako afulumire ndi za galimoto zija. Ndinyamuka Lachinayi."

A Shukri anazikonza. Anati ntchito ndi ntchito. Anakhala pa bedi pawo, mwendo uli pa pilo, akukonza matayala ndi magalasi a Isuf chimodzichimodzi, ndipo zinatuluka zokongola kuposa zonse zimene anakonzapo chaka chimenecho.

Nevse sanabwerenso kunyumba sabata imeneyo. Feim atapita kukamusiyira nsalu zimene anaiwala, apongozi a Nevse anamulandira pakhomo, n'kunena kuti wagona. Chitseko cha chipinda chinali chotsegula pang'ono. Mnyamatayo anaona khoma la pamwamba pa bedi, n'kubwerera.

Azakhali Muhibe panalibe amene anawauza. Ana awo anaopa. Anansi anati si nkhani yawo. A Shukri anati amene anakanikiza batani ndiye atsegule pakamwa.

Lachisanu masana Feim anali pa windo pamene anaona munthu akukwera chitunda pang'onopang'ono, akupuma pa mpanda uliwonse. Anali atavala mpango wake wa pa chikondwerero. M'khwapa anali atapanira felemu ya chithunzi yatsopano, yopanda kanthu.

"Akubwera, agogo."

"Ndamva ndodo," anatero a Shukri, natembenukira kukhoma. "Katsegule."

Ndodo inayamba kugogoda pa masitepe. Kutsidya kwa mudzi, pamwamba pa bedi la Nevse, msomali unali chikhalire wopanda kanthu. Isuf anali atawoloka kale malire, zithunzi za galimoto yake zili m'thumba la jekete.